Moto Umapita Kumene Kwatsala Tchire: Kupsa ndi Kumangidwanso kwa Tauni ya Paradise

Mau oyamba

Pa 8 Novembala 2018, kutangocha, kachitsulo kokhota ngati mbedza kamene kankakoleka nthambo ya magetsi pa nsanja ina m'chigwa cha mtsinje wa Feather, kumpoto kwa chigawo cha California m'dziko la Amereka, kadathyoka. Nthamboyo idagunda nsanja, tizitsulo tosungunuka tidagwera pa udzu wouma, ndipo dzuwa lisanalowe tauni ya Paradise, m'mene munkakhala anthu oposa 26,000, inali itasanduka bwinja. Moto umenewu amautcha Camp Fire, potsata dzina la mseu wa Camp Creek pafupi ndi pamene udabukira. Udapha anthu 85, udapsereza malo okwana mahekitala 62,000 pamodzi ndi nyumba zamitundumitundu 18,804, mwa izo pafupifupi 14,000 zogonamo anthu. M'mbiri yonse ya California palibe moto wina wa m'tchire umene udapha anthu ochuluka chotere.

Pa malo omwewo pali tsopano tauni ya dzina lomwelo, ya nyumba zatsopano ndi sukulu zodzaza ana. Funso limene tifuna kuliunika m'nkhani ino ndi ili: kodi mudzi ukapsa wonse, numangidwanso ndi zipangizo zatsopano, tinganene kuti ndi mudzi womwe uja? Ponena mudzi tikutsata tanthauzo limene makolo athu ankapatsa mau amenewa, ndiye kuti anthu odziwana, oyenderana pa matenda ndi pa maliro, okhala pa malo amene akuwadziwa khalidwe lake. Tidzaona kuti mudzi wotere umakhala ndi zinthu ziwiri zoyenera kuzikumbukira: khalidwe la malo ake, ndi anthu ake. Mbiri ya Paradise ndi mbiri ya m'mene choyambacho chidaiwalikira, m'mene moto udachikumbutsira, ndi m'mene chachiwiricho chidakhalira chovuta kuchisunga.

1. Malo ndi eni ake oyamba

Paradise idamangidwa pa msana wa phiri, m'tsinde mwa mapiri aakulu a Sierra Nevada, m'boma la Butte. Kuzambwe kwake kuli chigwa chakuya cha mtsinje wa Butte Creek, kuvuma kuli chigwa cha nthambi ina ya mtsinje wa Feather, ndipo kumunsi, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20, kuli mzinda wa Chico. Mvula imagwa kumeneko kuyambira cha mu Novembala mpaka Epulo, miyezi yomweyo imene ife timalandira mvula, ngakhale kwa iwo imeneyo ndi nyengo yozizira. Miyezi yotsalayo kumakhala ng'amba. Chakumapeto kwa ng'ambayo mphepo youma imatsika kuchokera kumpoto chakuvuma, nipanikizika m'zigwa, makamaka pa mpata wotchedwa Jarbo Gap, kenaka nitulukira pa msana wa phiri ndi mphamvu yaikulu. Pamene pali udzu wouma, chitsetso ndi mphepo yotere, moto suchita kuitanidwa.

Eni ake oyamba a dziko limeneli anali a mtundu wa Maidu, makamaka a nthambi ya Konkow. Anthu amenewa ankaudziwa moto ngati chipangizo cha ntchito. Ankatentha tchire mwadala, pamalopamalo, pa nyengo imene moto sungalusire. Pakutero ankapha tizilombo todya njere za mitengo ya thundu, zimene zinali chakudya chao chenicheni. Ankaphukitsa nthambi zoongoka zolukira madengu. Ankameretsa msipu wokopa nyama. Ndiponso ankasiya nkhalango ili yoyera pansi. Akatswiri amene amawerenga zipsera za moto m'mizere ya m'kati mwa mitengo yakale adapeza kuti m'nkhalango za m'mapiri amenewa moto unkadutsa kawirikawiri, patapita zaka zowerengeka chabe. Unali moto waufupi, wodya zinyalala ndi timitengo tating'ono, wosiya mitengo ikuluikulu ili chilili.

Nzeru imeneyi sidalembedwe m'buku. Inali m'manja ndi m'maso mwa anthu, ndipo inkayenda kuchoka kwa agogo kupita kwa adzukulu. Nzeru yotere imakhala ndi moyo pamene eni ake ali pa malo ao; mukawachotsa anthuwo, mwachotsanso nzeruyo.

2. Zaka za kuiwala

Mu 1848 mudapezeka golide m'California, ndipo anthu miyandamiyanda adakhamukira m'mapirimo. Mu 1850 boma latsopano la chigawocho lidapanga lamulo lokhudza eni dziko, limene mwa zina lidaletsa kutentha tchire. Mu 1859 mwala waukulu wa golide udapezeka pafupi ndi Magalia, mudzi wa kumtunda kwa Paradise. Mu Sepitembala 1863 asilikali adasonkhanitsa Amaidu 461 pafupi ndi Chico, nawayendetsa pansi kudutsa mapiri kupita ku malo osungirako eni dziko a Round Valley. Amene adafika kumeneko pa ulendowo anali 277 okha.

Pambuyo pa okumba golide padabwera ocheka matabwa. Kampani ya Diamond Match idamanga njanji mu 1903 kuchokera ku Chico, kudzera pa Paradise, mpaka ku makina ake ochekera matabwa ku Stirling City. Mitengo ikuluikulu ya makungwa ochindikala, imene inkapirira moto, ndiyo idayamba kugwa, ndipo m'malo mwake mudamera mitengo yaing'ono yothithikana.

Tsono mu Ogasiti 1910 kudachitika ngozi kutali ndi California imene idasintha maganizo a dziko lonse la Amereka. Moto wolusa udapsereza mahekitala oposa 1 miliyoni m'mapiri a Idaho ndi Montana pa masiku awiri okha, nupha anthu oposa 80, ambiri mwa iwo ozimitsa moto. Nthambi ya boma yoyang'anira nkhalango, imene inali itangokhazikitsidwa mu 1905, idatengapo phunziro lakuti moto uliwonse ndi mdani. Mu 1935 idalamula kuti moto ukaoneka lero, uzikhala utagonjetsedwa isanakwane 10 koloko m'mawa mwake. Lamuloli lidayenda bwino kwa zaka zambiri, ndipo kuyenda bwino kwakeko ndiko kudabala vuto: zinyalala, zitsamba ndi mitengo yakufa, zimene kale moto waufupi unkadya pang'onopang'ono, zidayamba kuunjikana chaka ndi chaka.

Pa msana wa phiri paja padayamba pakhala minda ya zipatso za maapozi, imene inkathiriridwa ndi madzi a bungwe la Paradise Irrigation District, lokhazikitsidwa mu 1916. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, minda yambiri idagawidwa kukhala mapoloti. Kudabwera anthu opuma pa ntchito ndi mabanja a ndalama zochepa, chifukwa malo anali otsika mtengo ndipo mthunzi wa mitengo ya paini unali wokoma. Nyumba za matabwa zidamangidwa pakati pa mitengo, m'mbali mwa timiseu ting'onoting'ono, tambiri topanda potulukira. Paradise idakhala tauni yodziyendetsera yokha mu 1979. Pofika 2018, mwa anthu anai alionse a m'tauniyo mmodzi anali wa zaka 65 kapena kuposerapo.

Pamwamba pa zonsezi panali nthambo ya magetsi ya Caribou-Palermo, yomangidwa cha mu 1921, imene pambuyo pake idakhala m'manja mwa kampani ya Pacific Gas and Electric, kapena kuti PG&E. Kachitsulo kaja kadakhala kakupekesedwa ndi mphepo zaka pafupifupi 100 mpaka kadatsala pang'ono kutha. Pofufuza chinthu chimene chachitika, ndi bwino kusiyanitsa chifukwa chapafupi ndi zifukwa zakutali. Chifukwa chapafupi chinali kachitsulo kameneka. Zifukwa zakutali zinali nkhalango yodzaza nkhuni, tauni yomangidwa ngati kuti moto kulibe, ndi nyengo imene inkanka nitenthera, popeza California idavutika ndi chilala chachikulu kuyambira 2012 mpaka 2016, ndipo mu 2018 mvula yoyamba idachedwa.

3. Chenjezo ndi tsiku la moto

Kunena chilungamo, anthu a ku Paradise sanali m'tulo. Mu Juni ndi Julayi 2008 moto udafika m'malire mwa tauniyo kawiri, nupsereza nyumba zambiri m'madera ozungulira, ndipo anthu othawa adapanikizana m'miseu kwa maola ambiri. Gulu la nzika zofufuza za kayendetsedwe ka boma la Butte lidachenjeza mu 2009 kuti miseu yotulukira inali yochepa ndi yopapatiza. Akuluakulu a tauni adagawa Paradise m'zigawo 14, kuti moto ukabwera anthu azituluka chigawo ndi chigawo, ndipo adayesererako dongosololo. Chimene sadachiganizire chinali moto wogwera zigawo zonse nthawi imodzi.

Moto wa 2018 udaoneka cha m'ma 6:30 m'mawa pafupi ndi kamudzi ka Pulga. Mseu wofikira pamalopo unali woipa, ndipo mphepo sidalole ndege zozimitsa moto kugwira ntchito m'maola oyambawo. Posakhalitsa udalowa m'mudzi wa Concow, ndipo cha m'ma 8 koloko unali utafika ku Paradise. Mphepo inkanyamula mbaliwali ndi makala amoto nkukaziponya kutali patsogolo, pa madenga, m'ngalande za padenga zodzaza masamba ouma a paini, ndi pansi pa makonde a matabwa. Nyumba ikayaka, inkayatsa inzake. N'chifukwa chake amene adafika pambuyo pake adadabwa kuona mitengo ina itaima ndi masamba ake pakati pa nyumba zopserera.

Mauthenga ochenjeza a pa lamya adafika kwa anthu ochepa, popeza ankapita kwa okhawo amene adalembetsa, ndiponso nsanja za lamya zinkapsa. Miseu inai yotsikira kuchigwa, Skyway, Neal, Clark ndi Pentz, idadzaza magalimoto osayenda, kunja kuli bii ngati usiku chifukwa cha utsi. Ambiri mwa amene adafa anali okalamba, ena olumala, ndipo ochuluka adapezeka m'nyumba zao.

Komabe anthu pafupifupi 50,000 a m'dera lonselo adatuluka amoyo, ndipo tiyenera kufunsa kuti zidatheka bwanji. Aphunzitsi adanyamula ana a eni m'magalimoto ao. Woyendetsa basi ya sukulu ina ya pulaimale, pamodzi ndi aphunzitsi awiri, adayenda maola pafupifupi 5 m'kati mwa utsi ndi ana 22, nawafikitsa onse. Anamwino adatulutsa odwala m'chipatala cha Feather River pa galimoto iliyonse imene idapezeka. Pamene miseu idatsekeka, ozimitsa moto ndi apolisi adasonkhanitsa anthu pa malo oyera opanda choyaka, monga pa mabwalo oimikapo magalimoto, mpaka moto utadutsa. Bungwe la boma la National Institute of Standards and Technology lidawerenga pambuyo pake malo 31 otere, pamene padapulumukira anthu oposa 1,200. Dongosolo lolembedwa litalephera, chimene chidatsala chinali munthu kugogoda pa chitseko cha mnansi wake.

4. Chaka choyamba pa bwinja

Moto udagonjetsedwa pa 25 Novembala, mvula itagwa. Ntchito yoyamba inali yofuna akufa. Mndandanda wa anthu osowa udapitirira 1,000 usanayambe kutsika, ndipo magulu a anthu adasefa phulusa nyumba ndi nyumba, mothandizidwa ndi akatswiri a mafupa a ku yunivesite ya ku Chico.

Amoyo adamwazikana. Ena adagona m'matchalitchi ndi m'mabwalo a zionetsero, ena m'mahema pafupi ndi sitolo ya Walmart ku Chico, ena kwa abale. Mzinda wa Chico udalandira anthu pafupifupi 20,000 m'kanthawi kochepa, ndipo nyumba za lendi zidasowa nkukwera mtengo. Ana adayambanso sukulu mu Disembala m'malo obwereka; ena ankaphunzirira m'nyumba imene kale inali sitolo ya zipangizo zomangira. Mu Epulo 2019 anthu adawerengedwa khomo ndi khomo ku Paradise, ndipo adapezeka 2,034 okha.

Munthu sakadatha kungobwerera pa poloti pake nkuyamba kumanga. Phulusa la nyumba zamakono lili ndi poizoni wa utoto, mabatire ndi mapulasitiki, kotero boma lidayamba lachotsa zonyansazo. Ntchitoyi idatha mu Novembala 2019, atachotsa matani oposa 3.6 miliyoni pa mapoloti pafupifupi 11,000. Madzi akumwa nawonso adapezeka ndi mankhwala oyambitsa khansa otchedwa benzene, amene adalowa m'mipope pa nthawi ya moto, ndipo bungwe la madzi lidayenera kuyesa ndi kusintha mipope yolowera pa mapoloti ambirimbiri, pamene olipira madzi ake ambiri anali atachoka. Mitengo yambiri yopsa, imene ikadatha kugwera miseu ndi nyumba, idayenera kudulidwa. Chipatala cha Feather River, chimene chinkalemba anthu ntchito kuposa wina aliyense m'tauniyo, sichidatsegulidwenso ngati chipatala chogoneka odwala.

M'chaka chomwecho mudachitika zinthu ziwiri zooneka zazing'ono. Mu Juni 2019 ophunzira omaliza sukulu ya sekondale ya Paradise, imene idapulumuka ku moto, adalandira masatifiketi ao pa bwalo la sukulu yao. Mu Ogasiti gulu lao la mpira lidasewera pa bwalo lomwelo, ndipo anthu zikwi zingapo adakwera phiri kudzaonerera, ambiri mwa iwo alibe pogona m'tauniyo. Anthu obalalika amafuna tsiku ndi malo okumanirana, kuti aonane nkhope ndi kudziwa amene watsala.

5. Mlandu ndi chipepeso

Kampani ya PG&E idapita ku bwalo la milandu mu Januwale 2019 kukanena kuti singathe kulipira ngongole zake zonse. Pa 16 Juni 2020 mkulu wake, Bill Johnson, adaimirira m'bwalo la milandu la boma la Butte, maina a akufa akuwerengedwa limodzilimodzi ndipo zithunzi zao zikuonetsedwa, navomera m'dzina la kampaniyo milandu 84 ya kupha anthu chifukwa cha kusasamala, ndi mlandu umodzi wa kuyambitsa moto. Chindapusa chachikulu chimene lamulo linkalola chinali madola pafupifupi 3.5 miliyoni, ndipo palibe munthu amene adalowa m'ndende.

Pa nkhani ya chipepeso, padakhazikitsidwa thumba la madola 13.5 biliyoni lolipira anthu pafupifupi 70,000 amene adaonongekeredwa ndi moto umenewu ndiponso moto wina wa 2015 ndi wa 2017. Theka la chumacho lidaperekedwa ngati masheya a kampani yomweyo, kotero olira adayenera kuyembekeza kuti kampani imene idawatenthera nyumba ichite bwino pa malonda, kuti iwo alandire kanthu. Malipiro adabwera pang'onopang'ono, ndipo pofika kumapeto kwa 2024 anali atafika pa 70 peresenti ya zimene aliyense adamuwerengera. Tauni ya Paradise payokha idagwirizana ndi kampaniyo za madola 270 miliyoni, ndalama zimene zidaithandiza kulipira antchito ake pa zaka zimene okhoma msonkho anali ochepa.

Kuvomera kulakwa pamaso pa anthu kuli ndi mtengo wake, ndipo sitikupeputsa. Koma tiyenera kuona kuti chipepeso chochedwa chimasankha anthu. Amene ali ndi kanthu kosunga angathe kudikira zaka zisanu. Nkhalamba yodalira penshoni singathe, ndipo okalamba ena adamwalira asanalandire zonse.

6. Zimene adakumbukira pomanganso

M'miyezi yoyamba ya 2019 anthu a ku Paradise adachita misonkhano ikuluikulu yokambirana za tsogolo la tauni yao, ndipo mu Juni chaka chomwecho khonsolo idavomereza dongosolo la kumanganso. Zambiri za m'dongosololo zidayankha zolakwika za tsiku la moto chimodzichimodzi. Popeza lamya zidalephera, adaimika nsanja 21 za malipenga ochenjeza, zimene adayamba kuziyesa mu 2023. Popeza mitengo ya magetsi idagwa nkutseka miseu, PG&E idalonjeza mu 2019 kukwirira nthambo za m'tauniyo pansi pa nthaka. Popeza anthu adapanikizana, adakonza zokulitsa miseu yotulukira ndi kulumikiza ina imene inali yopanda potulukira.

Phunziro lina lidachokera ku nyumba zimene zidapulumuka. Kuyambira 2008 California inali ndi lamulo lakuti nyumba zatsopano za m'malo a moto zikhale ndi madenga osayaka msanga, mazenera olimba ndi timabowo ta mpweya totchingidwa ndi waya wa sefa, kuti mbaliwali zisalowe. Atolankhani a kampani ya McClatchy adawerenga kuti mwa nyumba pafupifupi 350 zomangidwa lamulolo litayamba, 51 peresenti sizidaonongeke, pamene mwa nyumba 12,100 zakale zidapulumuka 18 peresenti zokha. Ofufuza ena adaonjeza kuti chinthu chachikulu chinali kuyandikana ndi nyumba ina yoyaka. Ndiye kuti chitetezo cha nyumba yanu chili m'manja mwa mnansi wanu, ndipo chake chili m'manja mwanu. Mutu umodzi susenza denga. Potsata zimenezi tauni idakhwimitsa malamulo a kulambula mapoloti, nilamula kuti pa mtunda wa mita 1.5 kuzungulira nyumba pasakhale chinthu choyaka.

Nthambi yoyang'anira mabwalo a masewera ndi malo opumulirako idayamba kugula mapoloti a m'malire mwa tauni, pamene moto umalowera, kwa eni ake amene sadafune kumanganso, kuti pakhale lamba wa malo olambulidwa. Apa tikuona anthu akuvomera chimene kale sankachivomera, chakuti pali malo ena osayenera kumangapo.

Nzeru ya eni dziko nayonso idayamba kufunidwa. Mu 2021 nyumba ya malamulo ya California idapanga malamulo ozindikira kutentha tchire kwa mwambo wa eni dziko ndi ochepetsa mantha a milandu kwa otentha tchire mwadongosolo. Padapita zaka 171 kuchokera pa lamulo lija la 1850. Mau a akulu akoma akagonera, koma pano adagonera pa mtengo wowawa.

Pakuti madzi saiwala khwawa, moto nawonso sudaiwale boma la Butte. Mu Sepitembala 2020 udaononga mudzi wa Berry Creek. Mu Julayi 2021 moto wa Dixie udabuka m'chigwa chomwe chija cha Feather, mtengo utagwera nthambo ya PG&E, nukapsereza tauni ya Greenville m'boma loyandikana nalo. Mu Julayi 2024 moto wa Park udabuka m'mphepete mwa Chico. Ena mwa amene adathawa ku Paradise adapsereredwa kachiwiri kumene adasamukira.

7. Amene sadabwerere

Kalembera wa 2020 adapeza anthu 4,764 ku Paradise. Pofika 2024 adapitirira 10,000, ndipo tauniyo inali m'gulu la matauni okula msanga koposa m'California. Chiwerengero chimenechi n'cholimbikitsa, koma sichitiuza kuti anthuwo ndani.

Kumanga nyumba yatsopano motsata malamulo atsopano kunkadya ndalama zochuluka kuposa mtengo wa nyumba zakale zija. Eni nyumba ambiri adazindikira kuti inshuwalansi yao inali yosakwanira, ena analibe ndi pang'ono pomwe, ndipo kampani ina yaing'ono ya inshuwalansi, Merced Property and Casualty, idagwa mu Disembala 2018 chifukwa cha kuchuluka kwa ofuna kulipidwa. M'zaka zotsatira mtengo wa inshuwalansi m'mapirimo udakwera kwambiri, ndipo mu 2023 kampani yaikulu ya State Farm idaleka kulembetsa nyumba zatsopano m'California. Anthu a lendi analibe poloti lobwererapo. Okalamba ambiri ankakhala m'nyumba zotsika mtengo zochita kukokedwa ndi galimoto, zoimikidwa pa malo a lendi, ndipo malo ambiri otere adakhala zaka osatsegulidwanso. Kumanga nyumba zikuluzikulu za lendi kudavutanso chifukwa Paradise, ngakhale inali tauni yaikulu, idalibe mipope yotaya zonyansa. Nyumba zinkadalira maenje ake.

Zotsatira zake n'zakuti amene adabwera msanga anali okhala ndi inshuwalansi yabwino, pamodzi ndi mabanja achinyamata ochokera kwina amene adagula mapoloti otsika mtengo. Mabungwe achifundo ndi thandizo la boma adamangako nyumba za anthu osauka, koma zidachedwa ndipo zinali zochepa poyerekeza ndi zimene zidapsa. Amene Paradise yakale idawalandira chifukwa analibe ndalama zokhalira kwina, ndiwo amene Paradise yatsopano idavutika kuwalandiranso. Adamwazikira m'zigawo zambiri za Amereka. Sitiwaimba mlandu amene adachoka mwa kufuna kwao, pakuti munthu amene adaona mnansi wake akupsera m'galimoto ali ndi ufulu wosafuna kumvanso mphepo ya ku Jarbo Gap. Tikunena za amene adafuna kubwerera, koma khomo lidawatsekekera chifukwa cha ndalama.

Mau omaliza

Tibwerere ku funso lathu. Pa za khalidwe la malo, Paradise yatsopano ikudziwa zimene yakale idaiwala: ikudziwa kumene mphepo imachokera, kumene moto umalowera, ndi kuti nyumba ya munthu mmodzi ndi nkhuni za mnzake. Pa za anthu ake, yankho lili pakati. Chikondwerero cha Gold Nugget Days, chokumbukira mwala wa golide uja, chidachitikanso mu Epulo 2019 pakati pa mabwinja, ngakhale nyumba yosungiramo mbiri ya tauniyo inali itapsa, sukulu zidatsegulidwanso, dzina lidatsala. Koma oposa theka la chiwerengero cha 2018 anali asanabwezeretsedwe pofika 2024, ndipo mwa osowawo ambiri anali okalamba ndi osauka.

Tikayang'ana mbiri yonseyi kuyambira 1863, tikuona kuti msana wa phiri umenewu udataya anthu ake kawiri. Ulendo woyamba adachotsedwa Amaidu, ndipo pamodzi nao padachoka nzeru ya kukhala ndi moto, imene kusowa kwake kudalipiridwa patapita zaka 155. Ulendo wachiwiri adachoka amene adauona moto wa 2018 ndi maso ao. Malipenga 21 ndi nthambo zokwiriridwa zidzagwira ntchito yake, koma udzu umamera chaka chilichonse, ndipo wolambula poloti lake mokhulupirika ndi amene akudziwa chifukwa chake. Mwana wobadwira ku Paradise lero adzafuna munthu womuuza zimene zidachitika pa mseu wa Pentz m'mawa wa 8 Novembala. Chifukwa cha ichi, kufunafuna njira yobwezera okalamba ndi osauka pa malo ao ndi mbali ya chitetezo cha mudziwo, mofanana ndi kukulitsa miseu ndi kulambula tchire.